Zikalata za udindo wa usilikali zosainidwa ndi pulezidenti wa America: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene amabwera mobwerezabwereza kuchokera kwa anthu amene ayamba kutolera zikalata zakale zokwezera asilikali a ku United States pa udindo, komanso kwa amene chikalata chotere chawagwera m'manja ndipo akusowa poyambira. Tayamba ndi ophweka. Ngati ndalama zili kale m'thumba ndipo mukufuna kugula sabata ino, musadumphe funso lonena za dzina la pulezidenti, chifukwa ambiri amapsa pamenepo.

Kodi chikalata chimenechi n'chiyani kwenikweni?

Malamulo aakulu a dziko la United States, m'gawo lachiwiri, amati pulezidenti ndiye wopereka udindo kwa maofesala onse a boma. Msilikali wamba amangolembedwa ntchito basi. Koma ofesala, kuyambira Lieutenant kukafika General, ankalandira chikalata chonena kuti pulezidenti wamusankha, nyumba ya malamulo ya Senate yavomereza, ndipo onse amene ali pansi pake azimumvera. Ogulitsa amachitcha commission, ndipo mawu amenewo ndiwo mulembe pofufuza pa intaneti.

Kuyambira nthawi ya George Washington mu 1789 mpaka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, pulezidenti nthawi zambiri ankachita kukhala pansi ndi mulu wa zikalatazi n'kumasaina chimodzichimodzi. N'chifukwa chake zikupezekabe zambiri, ndipo kwa anthu ambiri iyi ndiyo njira yotsika mtengo yopezera siginecha yeniyeni ya munthu ngati Abraham Lincoln, poyerekeza ndi kalata yolembedwa ndi dzanja lake.

Chimaoneka bwanji?

Zambiri za m'zaka za m'ma 1800 si za pepala ayi. Ndi za chikopa cha nkhosa kapena cha mwana wa ng'ombe chopalidwa mpaka kupyapyala, chimene amachitcha vellum. Kukula kwake kumakhala pafupifupi masentimita 35 mpaka 40 m'lifupi, 45 mpaka 50 m'litali. Mawu ambiri ndi osindikiza, ndipo mlembi ankangodzaza dzina la ofesala, udindo, gulu lake ndi madeti.

Pamwamba pali chiwombankhanga. Pansi, ngati ndi cha asilikali a pamtunda, pali chithunzi cha mbendera, mizinga, ng'oma ndi zida zina zounjikidwa pamodzi. Cha asilikali a pamadzi chimakhala ndi zombo ndi Neptune, mulungu wa nyanja wa Aroma, ali ndi mahatchi ake. Mawu ake amayamba chonchi: "Know Ye, That reposing special trust and confidence in the patriotism, valor, fidelity and abilities of", kenako dzina. Tanthauzo lake n'lakuti pulezidenti akukhulupirira munthuyo pa kukonda dziko, kulimba mtima, kukhulupirika ndi luso.

Pali zinthu zina ziwiri zing'onozing'ono zimene ongoyamba kumene saziyang'ana. Choyamba ndi chidindo cha unduna: kapepala kozungulira kokhala ndi timano m'mbali, komatidwa pa chikopacho n'kupsinjidwa, kamene m'nthawi ya Lincoln nthawi zambiri kanali kabuluu. Chachiwiri ndi timawu ta inki yofiira pakona ya kumanzere chakumwamba, tosonyeza buku ndi tsamba pamene ofesi ya Adjutant General, yosunga kaundula wa asilikali, inalembapo chikalatacho. Pa za nthawi ya nkhondo ya pachiweniweni ya 1861 mpaka 1865 mupezapo siginecha ya Lorenzo Thomas kapena E. D. Townsend.

Nanga siginecha yachiwiriyo, ya m'munsi, ndi ya ndani?

Ndi ya nduna ya zankhondo, kapena nduna ya asilikali a pamadzi ngati chikalatacho n'cha mbali imeneyo. Musaipeputse, chifukwa imathandiza kutsimikiza deti ndipo nthawi zina ndiyo imakoka ogula.

Pa za Lincoln, nduna ya zankhondo inali Simon Cameron mpaka Januwale 1862, kenako Edwin M. Stanton, ya pamadzi inali Gideon Welles. Choncho chikalata cha 1863 chokhala ndi siginecha ya Cameron chili ndi vuto. Pa za Washington zoyambirira pali Henry Knox, pa za James Monroe pali John C. Calhoun.

Pali mapeyala ena amene otolera amawasakasaka. Franklin Pierce ankasaina ndi Jefferson Davis, amene anali nduna yake ya zankhondo kuyambira 1853 mpaka 1857, yemwe uja anadzakhala mtsogoleri wa madera a kummwera ogalukira boma. Theodore Roosevelt ankasaina ndi William Howard Taft pakati pa 1904 ndi 1908, ndiye kuti apulezidenti awiri pa tsamba limodzi. N'chimodzimodzi James Madison ndi Monroe kumapeto kwa 1814 ndi kuchiyambi kwa 1815. Ndipo pa za Chester Arthur mupezapo Robert Todd Lincoln, mwana wa Abraham Lincoln.

Dzina la pulezidenti lilipo. Ndiye kuti anasaina yekha?

Ayi, si nthawi zonse, ndipo apa ndi pamene pamathera ndalama za anthu.

Msampha woyamba ndi Andrew Johnson, amene analowa m'malo mwa Lincoln mu Epulo 1865. Mkono wake wamanja unali wovulala kuyambira pa ngozi ya sitima asanakhale pulezidenti, ndipo nkhondo itatha panali zikalata zankhaninkhani zodikira siginecha. Anapangitsa chidindo cha dzina lake, alembi n'kumangodinda. Zikalata zimenezi ndi zenizeni, za boma, koma dzanja la Johnson silinafikepo. Kuti muzindikire, tengani galasi lokulitsa zinthu kakhumi. Cholembera chimasiya mzere wonenepa pamene dzanja latsindika ndi woonda pamene lapepuka, ndipo pamene mizere yadutsana mumaona kuti wina uli pamwamba pa unzake. Chidindo sichitero: inki yake ndi yofanana paliponse, ndipo kawirikawiri imafinyikira m'mphepete mwa zilembo. Pezani chithunzi cha chidindo chodziwika n'kuchisanjikiza ndi chanu. Zikagwirizana ndendende, nkhani yatha, chifukwa palibe munthu amasaina kawiri mofanana chilembo ndi chilembo.

Msampha wachiwiri ndi zikalata za malo. Boma linkapereka minda kwa asilikali opuma, ndipo zikalata zake nazonso ndi za chikopa, zili ndi chidindo, zikutchula gulu la msilikaliyo ndi nkhondo imene anamenya. Ogulitsa ena amazitcha "za usilikali". Koma lamulo la pa 2 Malichi 1833 linalola kuti mlembi azisainira pulezidenti pa zikalata za malo, moti kuyambira pamenepo pafupifupi zonse ndi dzanja la mlembi. Yang'anani pansi pa dzina la pulezidenti: mupeza mawu oti "By" ndi dzina lina, ndipo zonse ziwiri zalembedwa ndi dzanja limodzi. Pa za Lincoln mlembiyo nthawi zambiri ndi W. O. Stoddard.

Wachitatu ndi zikalata za m'zaka za m'ma 1900. Dzikolo litalowa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse mu 1917, maofesala atsopano anachuluka mosaneneka, ndipo zikalata zambiri kuyambira nthawi imeneyo zimangokhala ndi siginecha ya nduna kapena wachiwiri wake, ngakhale mawu ake akunenabe kuti "By the President". Zina za asilikali a pamadzi za nthawi ya Woodrow Wilson zinasainidwa ndi Franklin D. Roosevelt, amene anali wachiwiri kwa nduna kuyambira 1913 mpaka 1920. Siginechayo ndi yake ndithu, koma sanali pulezidenti. Kuyambira m'ma 1950 kunabweranso makina osainira otchedwa autopen, amene amazindikirika ndi mzere wonenepa mofanana ndi kadontho poyambira ndi pothera.

Ndili ndi chikalata cha kaputeni wa pa nkhondo ya 1861 mpaka 1865, koma palibe Lincoln. Ndi chabodza?

Mwina ayi. Asilikali ochuluka a kumpoto anali m'magulu ongodzipereka okonzedwa ndi madera, monga Ohio, New York kapena Pennsylvania, ndipo maofesala a magulu amenewa ankapatsidwa udindo ndi bwanamkubwa wa dera lawo. Lincoln ankasaina za maofesala a gulu lokhazikika la boma, za ma General, za asilikali a pamadzi, ndi za ogwira ntchito zapadera monga oyang'anira chakudya, katundu ndi malipiro. N'chifukwa chake zambiri za Lincoln zimene zili pa msika ndi za anthu oti ntchito yawo inali kuwerengera matumba a ufa ndi nsapato.

Nanga zosainidwa ndi John Hancock ngati "President"?

Izo ndi za nkhondo yomenyera ufulu, udindo wa pulezidenti wa dziko usanakhazikitsidwe. Hancock anali wapampando wa Continental Congress, msonkhano wa nthumwi za madera omenyera ufuluwo, ndipo ankasaina limodzi ndi mlembi Charles Thomson. Ngakhale chikalata chimene chinaika Washington kukhala mkulu wa asilikali onse, cha pa 19 Juni 1775, anasaina ndi Hancock. Zotere ndi za mtengo wapatali, koma amene akusonkhanitsa apulezidenti motsatana saziwerengera.

Mapepala otulutsira asilikali usilikali a mu 1783 ndi masatifiketi a bungwe la maofesala a nkhondoyo la Society of the Cincinnati ali ndi siginecha ya Washington, koma si zikalata za udindo.

Bwanji pali madeti awiri osiyana?

Limodzi ndi tsiku limene udindo ukuyambira kuwerengedwa, linalo ndi tsiku losainira. Akhoza kusiyana miyezi, ngakhale chaka n'kupitirira. Senate ikakhala pa tchuthi, ofesala ankayamba walandira kalata wamba yochokera kwa nduna, chikopa chenichenicho n'kubwera pambuyo Senate itavomereza. Pofufuza amene anayenera kusaina, tsatirani deti losainira.

Apa pali mawu oti brevet. Uwu unali udindo waulemu, wothokozera kulimba mtima kapena ntchito yabwino, ndipo nthawi zambiri sunkabwera ndi malipiro kapena mphamvu zake. Maofesala ambirimbiri anapatsidwa brevet yowerengedwa kuyambira pa 13 Malichi 1865. Pa tsikulo Lincoln anali moyo, koma zikalatazo zinakonzedwa iye ataphedwa kale, ndipo zambiri zili ndi chidindo cha Johnson chija.

Kodi mawu akuti "year of the Independence" ali ndi ntchito yanji?

Deti losainira limalembedwa kawiri: chaka chimene tonse timachidziwa, ndi chaka cha ufulu, chowerengedwa kuyambira pa 4 Julayi 1776. Masamu ake ndi awa. Ngati tsikulo lili pakati pa 1 Januwale ndi 3 Julayi, chotsani 1776 pa chakacho. Ngati lili kuyambira pa 4 Julayi kupita mtsogolo, chotsani 1775. Ndiye Ogasiti 1861 ndi chaka cha 86, ndipo Malichi 1863 ndi cha 87. Alembi ankalakwitsa apo ndi apo, choncho kuphonya ndi chaka chimodzi si umboni wa chinyengo pakokha. Koma kukasiyana zaka zitatu kapena zinayi, yang'anitsitsani ngati wina sanapale deti.

Ndi apulezidenti ati amene ndi osowa?

Amene sanakhalitse. William Henry Harrison analamulira kuyambira pa 4 Malichi mpaka pa 4 Epulo 1841, mwezi umodzi wokha, ndipo chilichonse chimene anasaina ali pa mpando chimalimbiranidwa. James Garfield analumbira pa 4 Malichi 1881, anawomberedwa pa 2 Julayi, n'kumwalira pa 19 Seputembala. Zachary Taylor anatha miyezi 16. Washington, John Adams ndi Thomas Jefferson ndi odula chifukwa cha mayina awo komanso chifukwa gulu la asilikali linali laling'ono nthawi imeneyo. Lincoln si wosowa n'komwe, kungoti omufuna ndi ambiri kuposa zikalata. Wongoyamba kumene angayambire pa William McKinley, Theodore Roosevelt kapena Taft.

Mtengo umatengera chiyani?

Cha McKinley chikhoza kupezeka pa madola mahandiredi angapo, cha Lincoln chabwinobwino ndi masauzande angapo, ndipo chimadutsa 10,000 mosavuta ngati pali chifukwa. Chifukwacho nthawi zambiri ndi munthu amene akutchulidwayo. Chikalata cha woyang'anira chakudya amene sanamveko fungo la onga n'chosiyana ndi cha ofesala amene anafera pa nkhondo yotchuka ya ku Gettysburg, ngakhale siginecha ndi imodzimodzi. Taganizani izi: mu Malichi 1861 Lincoln anasaina chikalata chokweza Robert E. Lee kukhala Colonel, ndipo pa 20 Epulo Lee anatula pansi udindo n'kupita kukamenyera mbali ya kummwera, kumene anadzakhala mtsogoleri wotchuka wa asilikali. Pamenepo mtengo suli mu inki.

Kenako pamabwera mmene chasungikira. Siginecha yakuda bwino imaposa yofooka kutali. Chidindo cha unduna chikasowa, m'mphepete mukadulidwa kuti chikwane mu felemu, kapena mzere wopindira ukadutsa pa dzina la pulezidenti, mtengo umatsika. Mizere yopindira payokha si vuto, chifukwa zikalatazi nthawi zambiri zinkatumizidwa zopindidwa, ndipo chimene chilibe mzere uliwonse ndicho chofunika kuchifunsa mafunso. Chikabwera ndi chithunzi cha mwiniwake, makalata ake kapena lupanga lake, musazilekanitse.

Ndingadziwe bwanji mbiri ya ofesala wotchulidwayo?

Kwa asilikali a pamtunda, yambani ndi kaundula wa Francis B. Heitman wa mu 1903, amene ali ndi maofesala a boma kuyambira 1789 ndi madeti a kukwezedwa kwawo. Kwa a pamadzi pali wa Edward W. Callahan wa mu 1901. Onse awiri amawerengeka mwaulere pa intaneti. Zolemba za misonkhano ya Senate zimasonyeza tsiku limene dzinalo linaperekedwa ndi kuvomerezedwa, ndipo mafayilo a penshoni ali ku National Archives, nyumba yosungira zolemba zakale za boma, ku Washington.

Chitani zimenezi musanalipire. Udindo, gulu ndi deti za pa chikalata ziyenera kugwirizana ndi za mu kaundula. Ndi ntchito ya theka la ola, ndipo kawirikawiri wogulitsa amakhala sanaichite, moti nthawi zina mumatulukira kuti munthu amene akumutcha "wosadziwika" anali pa nkhondo yotchuka.

Ndingasiyanitse bwanji chenicheni ndi kope kapena chachinyengo?

Yambani ndi chikopa. Vellum ndi youma gwaa, siing'ambika ngati pepala, mbali imodzi ndi yachikasu pang'ono kuposa inzake, ndipo pa galasi lokulitsa mukhoza kuona timabowo ta ubweya. Makope ogulitsidwa kwa alendo amasindikizidwa pa pepala lofiirira lochita kukhwinyatitsa, ndipo pamenepo mawu osindikiza, zolemba za mlembi ndi siginecha zonse zimakhala za inki imodzi. Pa chenicheni pali inki zosiyana: yakuda ya makina, yofiirira ya mlembi, yofiira ya pakona, ndi ya osaina awiri aja.

Zithunzi zinasindikizidwa kuchokera pa chitsulo chozokotedwa, choncho mizere yake ndi yosalekeza komanso yotukuka pang'ono. Mukaona timadontho tating'onoting'ono ta mitundu, ndi ntchito ya makina a masiku ano.

Kupanga chikalata chonse chabodza n'kovuta, ndipo akamberembere sachita zimenezo kawirikawiri. Chimene amachita n'kutenga chenicheni chimene sichinasainidwe, kapena chimene siginecha yake inadulidwa kale, n'kuwonjezerapo dzina. Ena amapala dzina la ofesala wamba n'kulembapo la wotchuka. Nyali ya UV, ngati ija yoyezera ndalama zachinyengo, m'chipinda cha mdima imaonetsa popalidwa, ndipo tochi yowalitsa chammbali imaonetsa pamene chikopa chakhakhala. Siginecha yokopera imanjenjemera, imaima pakati pa mawu pomwe mwiniwake sakanaima, ndipo imayamba ndi kutha mobuntha. Dziwaninso chizolowezi cha munthu: Lincoln ankalemba "A. Lincoln" m'makalata, koma pa zikalata za boma ngati izi ankalemba dzina lonse, "Abraham Lincoln".

Ukalamba wa chinthu si umboni. Robert Spring ankapanga ma Washington abodza m'zaka za m'ma 1800, ndipo Joseph Cosey ankapanga ma Lincoln m'ma 1930 pa mapepala akale enieni. Ntchito zawo nazo zakalamba tsopano.

Siginecha ndi yofooka kwambiri. Ndingaidetse pang'ono?

Musayerekeze. Inki ya nthawi imeneyo, yopangidwa ndi chitsulo ndi timphundu ta mtengo wa oak, imalowerera mu pepala, koma pa chikopa imangokhala pamwamba, ndiye imadumphadumpha polemba ndipo imasuwa pakapita zaka. Siginecha yofooka pa vellum ndi chinthu chachibadwa. Yobwerezedwa ndi cholembera china ndi yowonongeka, ndipo ogula odziwa amaikana kapena amadula mtengo kwambiri. Pogula, funsani mwachindunji ngati siginecha inakhudzidwapo, ndipo pa galasi yang'anani ngati pali mitundu iwiri ya inki mu mzere umodzi.

Wogulitsa akuti pali satifiketi yotsimikizira. Si zokwanira?

Satifiketi ndi maganizo a amene waisaina, basi. Aliyense amene ali ndi kompyuta akhoza kusindikiza yake. Za makampani odziwika monga PSA/DNA, JSA ndi Beckett zimathandiza pogulitsanso, ndipo nambala yake mukhoza kuitsimikiza pa tsamba lawo, koma nawonso ndi anthu. Chofunika kwambiri ndi lonjezo lolembedwa pa lisiti lakuti wogulitsa adzabweza ndalama zonse, popanda malire a nthawi, chikadzapezeka kuti si chenicheni. Amene akukana kulemba zimenezo wakuuzani kale zonse.

Amagula kuti, ndipo pali ndalama zina zobisika?

Ku okushoni ndi kwa ogulitsa okhazikika. Mayina amene mukumana nawo ndi Heritage Auctions ku Dallas, RR Auction ku Boston, Swann Galleries ku New York, University Archives, Raab Collection, komanso Christie's ndi Sotheby's pa zinthu zazikulu. Bungwe la Manuscript Society, lomwe linayamba mu 1948, ndi malo abwino ophunzirira.

Ku okushoni, mtengo umene nyundo yagwera si umene mulipire. Pamwamba pake amawonjezera gawo la nyumba ya okushoniyo, nthawi zambiri pafupifupi kotala ya mtengowo, kenako kutumiza, inshuwalansi, ndi msonkho wa dziko limene mukulandirira. Chimene mwapambana pa madola 4,000 chikhoza kukufikani pa 5,000 chisanalowe n'komwe mu bokosi. Werengerani chammbuyo kuchokera pa ndalama zimene muli nazo, lembani malire anu pa pepala, ndipo musawadutse mpikisano ukatentha. Pemphani zithunzi za kutsogolo ndi kumbuyo. Chikakhala mu felemu, funsani ngati anachitulutsa n'kuona kuti sichinamatidwe pa katoni.

Kodi n'zololedwa kukhala ndi chikalata cha boma la eni ake?

Inde. Chikalata cha udindo chinkaperekedwa kwa ofesala kuti chikhale chake, n'kupita kwa ana ndi adzukulu, choncho kugulitsana n'kololedwa. Zosaloledwa ndi zobedwa m'nyumba zosungira zakale, ndipo zimenezo eni ake akhoza kuzilanda ngakhale munagula mosadziwa. Si nkhambakamwa: Barry Landau anamangidwa mu 2011 ku Baltimore ataba zikalata ku Maryland Historical Society, ndipo kunyumba kwake kunapezeka zina masauzande. National Archives imaika pa intaneti mndandanda wa zinthu zake zosowa. Mukaona chidindo cha laibulale, nambala ya shelefu yofufutidwa, kapena kona yodulidwa mosadziwika bwino, funsani kumene chinachokera.

Chikopa chakhwinyata ndipo sichikugona. Ndingachisite?

Ayi, ngakhale mutayala nsalu pamwamba. Chikopa chikamva kutentha chimakhwinyata n'kuuma ngati chiwamba, ndipo sichibwereranso. Madzi nawo amachichita chimodzimodzi, kuwonjezapo kusungunula inki yofiira ija ndi kumatula chidindo. Akatswiri okonza zikalata amachiika m'bokosi la chinyezi choyezedwa, osachikhudzitsa madzi, kenako amachiumitsa pang'onopang'ono chili chokokedwa m'mbali kapena chopanikizidwa pakati pa mapepala omwa madzi, kwa masiku kapena milungu. Ngati kulibe katswiri pafupi, chisiyeni chomwecho. Timafunde pang'ono ndi chikhalidwe cha chikopa.

Chopindidwa kwa zaka zambiri musachikakamize kutambasuka tsiku louma. Mukamva kuti chikulimba, imani.

Ndichisunge bwanji?

Chogona chathyathyathya, mu foda yopanda asidi, mkati mwa bokosi lopanda asidi. Kutentha kwabwino ndi madigiri 18 mpaka 21, chinyezi cha 40 mpaka 50 peresenti, koma chachikulu n'chakuti zisamasinthesinthe. Chinyezi chikapitirira 65 peresenti kwa masiku angapo, nkhungu imayamba, ndipo imakonda chikopa kuposa pepala. Amene muli kwathu kuno mukudziwa mmene nsapato zachikopa zimachitira mu wadiropu m'dzinja: chikalatachi chimachita zomwezo. Ikani kachipangizo koyezera chinyezi ndi timapaketi ta silica gel m'kabati, osati mokhudza chikalata, ndipo muzitiumitsa tikakhuta. Pewani khoma la kunja, pansi pa simenti, ndi pamwamba pa kabati kufupi ndi malata. Mphemvu zimadya guluu wa chidindo, makoswe amadya chikopa chenichenicho, chiswe sichisankha.

Chizolowezi chathu chothamangira ndi satifiketi ya sukulu kukaimata pulasitiki chisafike pano. Makina a laminate amagwiritsa ntchito kutentha ndi guluu, ndipo chikalata chikalowamo chatha ntchito. Selotepu, guluu wa mu ofesi, mapini ndi malabala nazonso ayi. Thumba la polyester loonekera, la mtundu wa Mylar kapena Melinex, ndi labwino pogwira, kupatula ngati inki ikusuwa, chifukwa pulasitikiyo imakoka tizidutswa ta inki. Gwirani ndi manja osamba, ouma. Magulovu a thonje amakola timano ta chidindo.

Ndikufuna kuchipachika pa khoma. Felemu yake ikhale yotani?

Galasi likhale lotchinga kuwala kwa UV, ndipo lisakhudze chikalata: pakati pakhale katoni yopanda asidi yodulidwa ngati zenera, yokhuthala mokwanira kuti timafunde ta chikopa tisafike pa galasi. Chigwiridwe ndi timakona ta polyester kapena timizere ta pepala la ku Japan tomatidwa ndi phala la ufa wa tirigu, kumwamba kokha, kuti chizitha kufufuma ndi kunyala momasuka. Chikamatidwa mbali zonse zinayi chimadzikoka mpaka kung'ambika. Mawu oti dry mount, kutanthauza kumata chikalata chonse pa katoni ndi kutentha, mukawamva kwa wopanga mafelemu, tengani katundu wanu muzipita.

Galasi la UV limangochepetsa vuto. Nyumba zoonetsera zakale zimasunga kuwala pa 50 lux (lux ndi muyezo wa kuwala), komwe ndi kuchepa kwambiri poyerekeza ndi pabalaza masana, ndipo sizionetsa chikalata chimodzi chaka chonse. Njira yanzeru ndi kujambulitsa chithunzi chabwino cha kukula komweko, kupachika chimenecho, chenicheni n'kugona m'bokosi.

Agogo anali a Keyala ndipo anasiya mapepala. Ndi zofanana ndi izi?

Ndi pachibale, koma si zimodzi. Gulu la King's African Rifles, lomwe linakhazikitsidwa mu 1902 ndipo linali ndi mabataliyoni a ku Nyasaland, linali pansi pa ufumu wa Britain, kumene udindo wa ofesala umaperekedwa m'dzina la mfumu kapena mfumukazi, osati pulezidenti. Kwa zaka zambiri maofesala ake anali azungu, moti zimene mabanja ambiri ali nazo ndi kabuku kotulukira usilikali, mapepala a malipiro ndi mamendulo. Pa msika wa masiginecha sizikoka ndalama zambiri, koma nambala ya usilikali imene ili mmenemo ndiyo kiyi wofufuzira kumene agogowo anamenya, kaya ku Abyssinia kapena ku Burma. Zonse zanenedwa pa funso la kasungidwe zikugwiranso ntchito pa mapepala amenewo.

Potumiza kapena ponyamula, chipindidwe kapena chikulungidwe?

Chisapindidwe mzere watsopano, ndipo chisalowe mu chubu. Kukulunga kumathyola chidindo ndi kusuwitsa inki m'mizere yakale. Chigone mu foda yake, pakati pa makatoni olimba awiri mbali iyi ndi awiri mbali inayo, oposa chikalatacho ndi masentimita asanu mbali zonse, kenako m'thumba la pulasitiki lotseka bwino, kenako m'bokosi. Ngati chili mu felemu ya galasi lenileni, n'kwabwino kuchitulutsa n'kutumiza felemu payokha, chifukwa galasi likasweka panjira limacheka chikopa. Phukusi likafika kuchokera ku dziko lozizira, lisiyeni losatsegula m'chipinda chimene mukasungiremo kwa tsiku limodzi, kenako mutsegule mukujambula vidiyo, kuti pakakhala chowonongeka a inshuwalansi asakhale ndi pothawira.